ZA PAKHOMO PATHU: Siling'i Ikang'aluka Musathamangire Kupala



Mwezi uno tidakonza zoti tikambirane za kasungidwe ka chimanga, koma nkhani ina yatilowerera, ndipo taona kuti siyingadikire. Tsiku lina Lachinayi, ana atangoweruka, kudafika kwathu bambo ena achikulire amene mwana wawo wamkazi tidamphunzitsa mu Sitandade 7 zaka zambiri zapitazo. Mwanayo lero ndi namwino mumzinda wa Manchester ku Britain, ndipo iye ndi mwamuna wake adagula nyumba yakale pangongole. Titalonjerana, bambowo adatulutsa lamya m'thumba la jekete, natipatsa ndi manja awiri, nati: "Aphunzitsi, tandionereni zithunzi izi, mundiwerengerenso kalata ya Chingerezi imene anawa anditumizira. Ine ndakhoma madenga ambiri pa moyo wanga, koma siling'i yotere sindidaionepo."

Pa zithunzipo padali siling'i ya chipinda chogona, yoyera ndithu, koma yokhakhala, yokhala ndi mizere yozungulirazungulira monga muja amayi amakometsera pansi akamazira nyumba. Mng'alu umodzi udachokera pa nyale kulinga pakona, wina udayenda mowongoka ngati wojambula ndi rula, ndipo pafupi ndi khoma padali banga lofiirira lalikulu ngati mbale. Mkamwini wawo adali atatsimikiza mtima kuti Loweruka lotsatira atenge chopalira ndi makina a sandipepala, apale zokhakhalazo zonse, amate ming'alu, apake penti. Adali pa changu chifukwa mkazi wake ndi woyembekezera, ndipo chipindacho ndi chimene mwana adzagonemo. Apongozi ake adali atamuvomereza kale. "Mmisiri aliyense kuno akadatero," adatiuza motero. Koma kalata ija, imene idalembedwa ndi munthu woyendera nyumba asanaigule, idali ndi mawu amodzi amene adatiimika mutu, ndiwo akuti asibesitosi.

Chopaka chokhakhalachi ku Britain anthu amangochitcha Artex, ngakhale kuti ilo ndi dzina la mtundu umodzi wokha, monga ife timatchulira sopo yense waufa ndi dzina limodzi. Chidatchuka kwambiri m'zaka za m'ma 1970. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa: kusalaza pulasitala pamwamba pa mutu ndi luso lofuna zaka zambiri, pamene chopakachi munthu amangomata ndi kuchikanda ndi chipeso kapena burashi, ndipo molumikizira monse ndi mopotoka monse mwabisika. Ku America kuli china chofanana nacho, chochita kupopera, chimene amachifanizira ndi mbuliwuli. Tsono kufikira pakati pa zaka za m'ma 1980, opanga Artex ankathiramo asibesitosi woyera, wotchedwa chrysotile, kuti chopakacho chilimbe.

Asibesitosi ndi mwala wokumba pansi, koma ndi mwala wodabwitsa, pakuti ukauphwanya umatulutsa ulusi wofewa ngati thonje. Supsa ndi moto, suola, ndipo umalimbitsa chilichonse chimene ausakanizamo. Si mlendo kwenikweni kwa ife: ku Zvishavane, kumene kale ankati Shabani, ndi ku Mashava m'dziko la Zimbabwe, kudali migodi yaikulu ya asibesitosi woyera, ndipo amuna ambiri ochokera kuno adakagwirako ntchito masiku aja azigogo athu ankapita kunja kukafuna ndalama za msonkho. Choopsa chake chili mu ulusi womwewo. Ukadukaduka umasanduka fumbi losaoneka ndi maso, lopanda fungo, losatsokomoletsa n'komwe pa nthawi imene munthu akulipuma. Fumbilo limakakhala m'mapapu, ndipo thupi limalephera kulitulutsa lonse. Matenda ake, ndiwo kuuma kwa mapapu, khansa ya m'mapapu, ndi khansa ina ya chikuta cha mapapu yotchedwa mesothelioma, amadzaonekera patapita zaka 15 kufikira 60. Bungwe la boma la Britain loona za chitetezo pa ntchito, la Health and Safety Executive, limawerengera kuti anthu pafupifupi 5,000 amamwalira chaka chilichonse m'dzikomo ndi matenda a asibesitosi, ambiri mwa iwo chifukwa cha fumbi limene adapuma ali anyamata. Bungwe la WHO lidanenetsa kuti mitundu yonse ya asibesitosi, woyera yemwe, imayambitsa khansa. Wosuta fodya ndiye ali pa ngozi yoposa. Britain idaletsa asibesitosi wabuluu ndi wofiirira mu 1985, ndipo woyera idaletsa mu 1999. South Africa idaletsa mitundu yonse mu 2008. N'chifukwa chake ku Britain amalangiza kuti nyumba iliyonse yomangidwa kapena kukonzedwa chisanafike chaka cha 2000 aziikayikira.

Apa tisaopsezane mopitirira. Asibesitosi wa m'chopakachi ndi wochepa, magawo owerengeka chabe pa magawo 100, ndiponso ndi womangika m'kati mwa pulasitala ndi penti. Siling'i yotere ikakhala yosakhudzidwa, banja lingathe kugona pansi pake zaka makumi ambiri popanda vuto. Ngozi imabwera ndi dzanja la munthu: kupala pouma, kuboola, kucheka, ndipo koposa zonse kupukuta ndi makina a sandipepala, amene pa ola limodzi angadzaze chipinda ndi fumbi lokalowa m'makatani, m'matiresi ndi m'zovala. Tidawauza bambowo kuti zimene mkamwini wawo adakonza kuchita Loweruka ndizo zokhazo zimene sayenera kuchita. Ndipo popeza matendawa amadikira zaka zambiri, amene ali ndi zaka zochuluka zowadikira ndi khandalo.

Bambowo adayang'anitsitsanso chithunzi, nafunsa ngati ife tingazindikire ndi maso kuti asibesitosi alimo. Palibe angathe, ngakhale mmisiri wa imvi. Chopaka chokhala naye ndi chopanda iye zimaoneka chimodzimodzi. Njira ndi imodzi yokha: kudula kachidutswa kakang'ono, atanyowetsa malowo, ndi kukapereka ku labotale yovomerezeka kuti akakaone pa makina okuza zinthu. Ndi bwino kutenga pa malo angapo ndi m'chipinda chilichonse, pakuti asibesitosi sadagawikane mofanana, ndiponso zipinda za nyumba imodzi kawirikawiri zidapakidwa zaka zosiyana. Mtengo wa kuyeza kachidutswa kamodzi ndi mapaundi makumi angapo. Kwa munthu amene wasaina ngongole ya nyumba ya zaka zambiri, imeneyo ndi ndalama ya mchere. Safunsa adadya phula.

Koma ngakhale asibesitosi asakhalemo, pali funso limene eni nyumba ambiri amalilumpha: kodi siling'iyo yang'aluka chifukwa chiyani? Mng'alu uli ngati kutentha thupi kwa mwana, umangotiuza kuti pena pake pali vuto. Wowongoka uja umatsata polumikizira mabodi awiri, ndipo umadza chifukwa matabwa amafufuma ndi kunyala nyengo zikamasintha. Umenewo si woopsa. Ming'alu ing'onoing'ono yonga ukonde wa kangaude ndi ya penti ndi chopaka chokalamba basi. Banga lofiirira kawirikawiri ndi madzi, ndipo amene akonza siling'i asanatseke podontha ali ngati wokolopa m'nyumba mvula ikugwa chitseko chili pululu. Woopsa ndi mng'alu wokhotakhota umene mbali yake ina yatsika kuposa inzake, kapena malo amene alendewera ngati mimba, amene ukawakankha pang'ono ndi chikhatho amasuntha. Ndipo mng'alu ukatsika kuchoka pa siling'i ndi kupitirira m'khoma, n'kumakula mwezi ndi mwezi, vutolo si la siling'i ayi. Pamenepo aitane katswiri woona za maziko a nyumba.

Za kulendewerako tifotokoze pang'ono, pakuti mmisiri wathu uja adazimvetsa msanga kuposa ife. Nyumba zambiri za ku Britain zomangidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanachitike sizidakhomedwe mabodi. Amisiri ankakhoma timatabwa topyapyala mondondozana, kusiya mipata yaing'ono, kenaka n'kukanikizira pulasitala wa laimu, amene ankamusakaniza ndi ubweya wa nyama, kuti atulukire kuseri kwa mipatayo ndi kukoleka. Bambowo atamva izi adaseka, nati: "Kumeneko ndiye kumata nyumba kumene, monga timachitira ndi dothi pa timitengo topingasa tija timamangira pa nsichi." Adalondola. Ndipo monga dothi limagumuka likasiya kugwira timitengoto, pulasitalayo amagwa tokoleka take tikathyoka ndi ukalamba, chinyezi, kapena kugwedezeka kwa nyumba. Pulasitala wotere ndi wochindikala ndi wolemera. Chibenthu chake chikagwera pa bedi la khanda si nkhani yoseka. Nthawi zambiri chopaka chokhakhala chija adachipaka dala kuti chibise ming'alu ya siling'i yotopa kale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono munthu atadziwa ziwirizi, chimene chili m'chopakacho ndi chimene chang'alula siling'i, angathe kusankha njira.

Yotsika mtengo ndiyo kuisiya mmene iliri: kumata ming'alu ndi phala lomatira lofewa, kufananiza mizere yake ndi kaburashi, ndi kupaka penti. Achinyamata amainyoza njira imeneyi chifukwa amati zokhakhalazo n'zachikale, ndipo n'zoona kuti pomatapo pamaonekabe kwa woyang'anitsitsa. Koma ngati siling'i ili yolimba, imeneyi ndi njira imene aboma eni ake amalangiza: asibesitosi amene ali bwinobwino asiyidwe. Mlendo wobwera kudzaona mwana sayang'ana kumwamba.

Njira yachiwiri ndiyo kupaka pulasitala watsopano wopyapyala, wa mamilimita awiri kapena atatu, pamwamba pa chakalecho, atayamba wapakapo mankhwala ogwiritsa. Ikatheka bwino siling'i imasalala ngati pepala. Ife komabe tili nayo mangawa. Choyamba, amisiri amakonda kuyamba agwetsa nsonga za zokhakhalazo ndi chopalira kuti pulasitala asalowe wambiri, ndipo ngati muli asibesitosi kumeneko ndiko kutulutsa fumbi lija. Chachiwiri, pulasitala wamadzi amanyowetsa ndi kulemetsa chopaka chakale, ndipo ngati icho chidagwira mofooka, zonse ziwiri zimasendeka pamodzi. Chachitatu, pulasitala sachiritsa kusuntha kwa matabwa. Mng'alu umene sadauike kansalu komangira udzabweranso pomwepo nyengo yozizira ikadutsa. Njirayi ndi yoyenera siling'i yolimba, ya zokhakhala zosazama, imene vuto lake ndi maonekedwe okha.

Imene ife tidailimbikitsa ndi yachitatu: kukhoma mabodi atsopano a jipisamu, onga aja kuno timati Rhino board, kunsi kwa siling'i yakaleyo, osaigwetsa. Masikuluwu ataliatali amapyola chakalecho ndi kukaluma mitanda ya matabwa ya pamwamba, motero mabodi atsopanowo amanyamulanso pulasitala wotopa uja ndi kutsekera asibesitosi m'kati. Chipinda chimafupika pang'ono chabe, chosafika masentimita awiri, chimene palibe angachizindikire. Koma pali zoti asamale. Masikuluwu akangoluma pulasitala kapena timatabwa topyapyala tija osafika pa mitanda, ndiye kuti munthu wapachika katundu wina pa chinthu chimene chikugwa kale; ayambe wapeza mitandayo ndi kulemba mzere wake pakhoma. Adziwenso modutsa mawaya a magetsi ndi mapaipi a madzi. Sikuluwu iliyonse yopyola chopakacho imatulutsa kafumbi, choncho wogwira ntchitoyo avale chotchinga pakamwa ndi pamphuno cha mtundu wa FFP3, osati kansalu wamba. Ndipo bodi limodzi la mamita 2.4 m'litali, mamita 1.2 m'lifupi ndi mamilimita 12.5 kuchindikala limalemera makilogalamu opitirira 20. Kulinyamula pamwamba pa mutu uli pa makwerero, dzanja lina likufunafuna sikuluwu, ndi pamene munthu amaona kuti akuluakulu ponena kuti mutu umodzi susenza denga sadali kuphiphiritsa kokha.

Pali chinthu chimodzi chimene njira zitatu zonsezi zimasiya, ndipo tichinene mosabisa: asibesitosi akadali momwemo. Tsiku lina mmisiri wa magetsi adzabwera kudzaboola poika nyale, kapena banja lina lidzagula nyumbayo lili ndi ana akenso. Mwini nyumba woona mtima alembe pa pepala chipinda chilichonse chimene chili ndi asibesitosi wobisika, asunge pamodzi ndi zikalata za nyumba, ndipo aonetse mmisiri aliyense asanakwere makwerero. Kubisa chinthu choopsa pofuna kuteteza mwana wako ndi nzeru. Kuchibisira mwana wa mnzako ndi mlandu.

Kuchotseratu chopakacho, kapena kugwetsa siling'i yonse, ndi njira yotsiriza. Nthawi zina palibe kuchitira mwina: siling'i ikanyowa kwa nthawi yaitali, ikalendewera kwambiri, kapena mitanda yeniyeniyo ikaola. Ubwino wake ndi wakuti vutolo limatheratu, ndiponso munthu amapeza mpata woona mawaya akale ndi kuika zotchinga kuzizira. Koma ndi ntchito yodula ndi yauve, yosafunika kuphunzirira pa nyumba yako. Odziwa amatulutsa katundu yense, amayala mapepala a pulasitiki, amatseka zitseko, amafewetsa chopakacho ndi nthunzi kapena mankhwala kuti chichoke chili chonyowa, savomereza tsache kapena makina wamba okoka fumbi, ndipo zinyalala amaziika m'matumba awiriawiri n'kukataya ku malo ovomerezeka, osati m'bini ya pakhomo. Malamulo a ku Britain a 2012 okhudza asibesitosi safuna laisensi yapadera pa ntchito ya chopaka chotere, koma amafuna kuti mmisiri akhale wophunzitsidwa. Mwini nyumba ali ndi ufulu wofunsa umboni wa maphunzirowo, ndipo mmisiri amene ayankha kuti "musadandaule, ndazolowera" amuthokoze ndi kumutsanzika.

Wina afunsa kuti kodi ife a kuno nkhaniyi ikutikhudza bwanji, popeza chopaka chotere sitichionaona m'nyumba zathu. Choyamba, ambiri tili ndi ana kunja, ndipo akadali kutifunsa nzeru. Tisawalangize za nyumba ya ku Manchester ndi nzeru za nyumba ya kumudzi osayamba tafunsa. Chachiwiri, masiling'i athu amang'alukanso, ndipo pa ichi ife tomwe tili ndi manyazi athu. M'nyumba ina ya aphunzitsi imene tidakhalamo, bodi limodzi la pabalaza lidachita banga ndi kuyamba kupindika. Zaka zitatu zotsatizana tinkalipaka laimu Khirisimasi ikamayandikira, n'kumadziyamikira kuti nyumba yawala. Usiku wina mu Januwale, mvula ili pakati, lidagwa lonse pa tebulo pamene tidaunjika makope a ana, pamodzi ndi ndowe za mileme zodzaza ndowa. Titakwera m'mawa mwake tidapeza kuti vuto lonse lidali msomali umodzi wa malata umene udasukusa, ndi thabwa limene chiswe chidadya n'kusiya khungu lokha. Msomaliwo ukadakonzedwa ndi ndalama yogulira buledi. Masiku ano ambiri akukhoma siling'i ya pulasitiki pansi pa yakale. Nayonso imabisa bwino, ndipo madzi ndi chiswe zimapitiriza ntchito yawo kuseri mwakachetechete.

Chachitatu ndi cha inu achinyamata, makamaka amene mukuphunzira umisiri ndi amene mumagwira ganyu yogwetsa nyumba zakale. Malata otuwa a simenti aja ali pa nyumba zina zakale za boma, za m'maesiteti ndi za m'masukulu, ndiponso mabodi ena akale olimba ngati simenti, kawirikawiri ali ndi asibesitosi wochuluka kuposa wa m'chopaka chija. Akakhala athunthu pamalo pake asiyeni. Mukalamulidwa kuwachotsa, anyowetseni, muwamasule athunthu ndi kuwatsitsa ndi manja, osawaponya pansi. Musawacheke ndi makina, musawakwechese ndi burashi ya waya, musawaphwanye kuti mukwirire maenje a pamsewu pamene ana amasewera, ndipo musaike zibenthu zake pamoto, pakuti zimaphulika. Zovala zogwirira ntchitoyo musakazikutumulire kunyumba kumene amayi anu kapena mlongo wanu adzapuma fumbi lake pochapa.

Madzulo omwewo tidaimbira lamya ku Manchester, ife ndi bambowo titakhala pakhonde. Mkamwiniyo poyamba sadakondwe, pakuti makina aja adali atabwereka kale, ndipo ankaona ngati tikumuchotsera ulemu pamaso pa apongozi ake. Amene adathetsa nkhani ndi mkazi wake. Adati: "Aphunzitsi, ine odwala mapapu ndawasamalirapo. Makinawo abwezedwa mawa." Patapita masabata atatu bambowo adabweranso ndi uthenga. Zoyeza zidaonetsa kuti asibesitosi woyera alimo m'chipinda chogona, koma pabalaza mulibe. Banga lija lidachokera pa matailosi awiri a padenga amene adasuntha pafupi ndi chumuni. Adayamba akonza pamenepo, nadikira kuti matabwa aume. Kenaka mmisiri wophunzitsidwa adakhoma mabodi atsopano m'chipinda chogona, mayi woyembekezerayo atakagona kwa mnzake masiku awiri. Pabalaza mkamwiniyo adamata yekha ming'alu ndi kupaka penti, ndipo akuti zozungulirazungulira zija tsopano wayamba kuzikonda. Pepala lonena za asibesitosi adaliika mu envelopu imodzi ndi zikalata za ngongole.

Potsanzikana, bambowo adaima pachipata kanthawi, nazunguza chipewa m'manja. Kenaka adati khola lawo la nkhuku adalifolera ndi malata otuwa amene adatola pamene ankagwetsa sitolo ina yakale, ndipo awiri mwa iwo ndi osweka, pomwe adzukulu awo amalowamo m'mawa uliwonse kukatola mazira. Tapangana kuti tikaone Loweruka likudzali, ndipo tawapempha kuti atunge madzi ndowa ziwiri tisanafike.